Phokoso la Paul Ngozi: Chimbale Choyamba ndi M'mene Chidatsatsidwira

M'mabanja ambiri a dziko lino, ku Magaleta m'boma la Neno monganso ku Ndirande kapena ku Kawale, muli mlandu umodzi umene sutha, ndiwo mlandu wa nyimbo. Makolo amati zimene ana amamvera pa foni ndi phokoso lachabe, ana nawo amati akuluakulu adatsalira. Kawirikawiri mbali zonse ziwiri zimaweruza zisanamvere, pakuti kholo silipirira nyimbo mpaka kumapeto, ndipo mwana sadzifunsa ngati m'phokosomo muli mawu oti munthu n'kusunga. Mwezi uno tifuna kuti tikhale pansi ndi kumvera pamodzi chimbale chimodzi chaphokoso kwambiri, chimene chidatuluka ku Zambia m'chaka cha 1976. Eni ake ndi malemu Paul Ngozi ndi gulu lake la Ngozi Family, ndipo dzina lake ndi Day of Judgement, ndiye kuti Tsiku la Chiweruzo. Tachisankha chifukwa nyimbo zina m'menemo zili m'chinenero chathu chomwe chino monga amachilankhulira ku Lusaka, ndiponso chifukwa mbiri ya kutsatsidwa kwake, kuzilala kwake ndi kudzukanso kwake ili ndi phunziro kwa makolo ndi kwa achinyamata amene akulakalaka kujambula chimbale chawo choyamba.

Nyimbo za liwiro ndi ukali

Tiyambe ndi kulongosola mtundu wa nyimbo zimene tikukambazi, pakuti ambiri mwa ife tidakulira m'nyimbo za banjo, za kwaya, za rumba ndi za reggae. Kumaiko a azungu, cha m'ma 1976, kudabuka achinyamata amene adatopa ndi nyimbo za rock zazitali ndi zodzaza ndi zokometsera, nayamba kuimba nyimbo zazifupi ndi zaukali, zongofuna gitala, besi ndi ng'oma. Maimbidwe amenewa adatchedwa punk. Patapita zaka zochepa anyamata a ku America adaonjezera liwiro ndi ukali, ndipo chidabadwa chamba chotchedwa hardcore, m'mene woimba amamveka ngati akukalipa. Koma ena mwa iwo adaona kuti kukalipa kokha kumatopetsa khutu, motero pamwamba pa ng'oma zothamangazo adaikapo chuni chokoma choti munthu n'kuimba nawo. Chimenechi ndicho chamba cha melodic hardcore. Chimbale choyamba cha gulu la Descendents la ku California, chotchedwa Milo Goes to College, chidatuluka m'chaka cha 1982, ndipo chimawerengedwa pakati pa zimbale zoyambitsa chambachi. Muli nyimbo 15, koma zonse pamodzi zimatha m'mphindi 22 zokha. Dzina lake lidachokera pa nkhani yoona, pakuti woimba wa gululo, Milo Aukerman, ankatsazika anzake kuti akaphunzire ku koleji, ndipo pambuyo pake adakhala katswiri wa sayansi. Tanena zimenezi dala, kuti makolo asafulumire kuganiza kuti aliyense woimba zaphokoso ndi chidakwa kapena mbuli.

Magulu oterewa sadadikire makampani akuluakulu kuti awatsatse. Mu mzinda wa Washington, anyamata awiri oimba, Ian MacKaye ndi Jeff Nelson, adayambitsa kampani yawoyawo ya Dischord m'chaka cha 1980, ndipo zikuto za mbale zawo zoyamba ankazidula, kuzipinda ndi kuzimata okha ndi manja. Oimba a chambachi ankayenda m'mizinda pa galimoto imodzi pamodzi ndi zida zawo, kumata zikalata zoitanira anthu m'zipupa, kuimba m'timaholo ting'onoting'ono ndi kugulitsa mbale zawo pakhomo. Mwambi uja woti mbewa yamanyazi idafera kuuna ankautsata ngakhale sadaumvepo m'Chichewa.

Kuno ku Malawi chamba chimenechi sichidamere mizu, ndipo zifukwa zake n'zosabisika. Mpaka m'zaka za m'ma 1990 dziko lonse linkamvera wailesi imodzi yokha ya MBC, ndipo oimba ambiri ankajambulira nyimbo zawo komweko. Kuyambira m'chaka cha 1968 kudali bungwe la boma lopima nyimbo, mabuku ndi mafilimu, ndipo malamulo a m'ma 1973 okhudza kavalidwe ndi tsitsi lalitali la amuna sadasiye malo a mnyamata wanyankhalala wokalipa pa nsanja. Kuonjezera apo, gitala lamagetsi ndi zokuzira mawu zake zidali zodula, kotero kuti mnyamata wa kumudzi ngati ku Magaleta ankadzisemera banjo yake ndi chigubu cha mafuta, chikopa cha mbuzi ndi mawaya a njinga. Kutsidya kwa malire, ku Zambia, zinthu zidayenda mwina. Kumeneko ndalama za migodi ya kopa zidadzetsa m'masitolo mbale za Jimi Hendrix, Deep Purple ndi Black Sabbath, ndipo anyamata a ku Kitwe, Ndola ndi Lusaka adaphunzira kuziimba, kenaka nayamba kupeka zawo. Chamba chawocho chimatchedwa Zamrock. Mwa oimba onse a Zamrock, amene nyimbo zake zimayandikira kwambiri ukali ndi kufupika kwa punk ndi Paul Ngozi, ndipo chimbale chake choyamba chidatsogola chimbale cha Descendents chija ndi zaka 6.

Mwana wa ku Chibolya

Dzina lake lenileni lidali Paul Dobson Nyirongo. Adabadwa m'chaka cha 1949 ndipo adakulira ku Chibolya, komboni ya anthu osauka mu mzinda wa Lusaka. Adaimbako kwa kanthawi ku Kenya m'gulu la Musi-O-Tunya, limene lidatchuka ndi Rikki Ililonga, ndipo atabwerera kwawo adayambitsa gulu lakelake. Dzina loti Ngozi lidamumata chifukwa cha zimene ankachita pa nsanja, pakuti ankaliza gitala mwaukali, nthawi zina ndi mano, ndipo oonerera ankati munthuyu ndi ngozi. Gulu lakelo lidali laling'ono: iye mwini pa gitala ndi kuimba, Chrissy Zebby Tembo pa ng'oma, ndi mnzawo wina pa besi.

Chaka chimene chimbalechi chidatuluka n'chofunika kuchikumbukira. Dziko la Zambia linkadalira kopa pa ndalama pafupifupi zonse zochokera kunja. Malire ake ndi Rhodesia adatsekedwa m'chaka cha 1973, mafuta adakwera mtengo pa dziko lonse m'chaka chomwecho, ndipo pofika 1975 mtengo wa kopa udali utagwa kwambiri. Motero m'chaka cha 1976 chimwemwe cha ufulu wa 1964 chidali chitayamba kuzilala, ndipo oyamba kuimva njala adali anthu a m'makomboni ngati Chibolya. Amene adziwa zimenezi sadabwa kuti gitala la Ngozi likulira mokwiya.

Zimene khutu limamva

Munthu akatsegula chimbalechi koyamba, chimene chimamulandira ndi kulira kwa gitala. Sililira mosalala ngati gitala la rumba ya ku Congo, kapena mopepuka ngati la Daniel Kachamba wa ku Chileka. Ngozi ankadutsitsa mawu a gitala lake m'kachipangizo kotchedwa fuzz, kamene kamawasasitsa mpaka kumveka ngati chiguduli cholimba chikung'ambika, kapena ngati njuchi zotsekeredwa m'chitini. Ng'oma za Tembo n'zouma ndi zolunjika. Kajambulidwe kake n'kosauka: mawu ena amabanika, ena amaphulika, ndipo n'zoonekeratu kuti palibe amene adataya masiku kusalaza zokhakhala. Wofuna ukhondo wa masitudiyo amakono adzakhumudwa.

Komatu amene apirira mphindi zochepa amazindikira chinthu china. Pansi pa phokosolo pali chuni chosavuta, chachifupi, chobwerezedwabwerezedwa monga zimachitira nyimbo za pamtondo ndi za ana pa mwezi wowala. Ngozi amatenga kachidutswa kamodzi ka nyimbo ndi mizere yochepa ya mawu, n'kumakhomerera pomwepo mpaka zilowe m'mutu, kotero kuti munthu akazimitsa choimbira amapezeka akung'ung'udza yekha chunicho pa njira ya kudimba. Apa ndipo pali ubale weniweni pakati pa iye ndi anyamata a melodic hardcore aja, ngakhale iwo adadza pambuyo ndiponso kutali: onse adazindikira kuti ukali umagwira khutu kwa kanthawi, koma chimene chimasunga nyimbo m'mtima wa womvera ndi chuni. Ng'oma za Ngozi Family sizithamanga ngati za ku California, ndipo mphamvu yake ili pa kulemera koposa pa liwiro. Koma mzimu wake ndi womwewo, wa anthu ochepa okhala ndi zida zochepa ndi zonena zowatentha pamtima.

Nyimbo imene idapatsa chimbalechi dzina ili m'Chingerezi, ndipo ndi chenjezo lakuti tsiku la chiweruzo likudza ndipo ochimwa adzalangidwa. Mkhristu womvera bwino adzaona kuti chiphunzitso chake n'choperewera. Mutu 25 wa Mthenga Wabwino wa Mateyo umaonetsa kuti pa tsikulo mlandu udzagona pa zimene tidachitira anjala, alendo, odwala ndi am'ndende, ndipo Eklezia salekanitsa chiweruzo cha Mulungu ndi chifundo chake, pamene nyimboyi imatsamira pa kuopseza. Komabe tisaipeputse. Mnyamata wa ku Chibolya, amene akadatha kuika pachikuto dzina la nyimbo ya mowa kapena ya atsikana kuti mbale zigulidwe msanga m'mabala, adasankha mawu okumbutsa anthu ovina kuti moyo uli ndi mwini wake. Ndipo pa mutu wotere phokoso lija likupeza ntchito yake, pakuti gitala lolira ngati bingu likunena zomwezo zimene mawu akunena.

Koma mtima wa chimbalechi, m'kuona kwathu, uli m'nyimbo za m'Chinyanja. Pali ina yotchedwa Kumanda kwa Bambo Wanga, ndi ina yotchedwa Tikondane. Maina okhawo akutiuza kuti woimbayu waleka kuyang'ana ku London, watembenukira kwawo. Tonse tidziwa kuti kumanda ndi malo a ulemu, kumene mwamuna amavula chipewa natsitsa mawu. Ngozi adapita nalo gitala lake laukali kumalo otero, ndipo m'malo momveka ngati chipongwe, kulira kwake kumamveka ngati kubuma kwa amayi pa siwa, kumene nakonso sikukhala kwa mawu osalala. Chisoni chenicheni chimasasa mawu. Akamaimba m'chinenero cha m'makwalala a kwawo, liwu lililonse limagwa pa malo ake, mpweya umamukwanira, ndipo womvera wa ku Neno, ku Tete kapena ku Chipata safuna womasulira.

Nyimbo za m'Chingerezi zokamba za atsikana ndizo zofooka. Yotchuka mwa izo ndi Hi Babe, imene gitala lake n'lokoma ndithu ndipo imavinitsa, koma mawu ake ndi malonje chabe a mnyamata woyendayenda m'tauni. Zina zimafanana kwambiri, mwakuti womva imodzi ali ngati wamva zinzake. M'nyimbo zoterezi Ngozi akuoneka ngati munthu wovala jekete lobwereka, limene lamukhala ndithu koma manja ake ngaatali. Motero chigamulo chathu pa chimbalechi ndi ichi: n'chosapsa mbali zina monga zimakhalira ntchito zoyamba, n'chosauka pa kajambulidwe, koma n'chamoyo, ndipo moyo wakewo ukuchokera m'nyimbo zimene woimba adabwereka chida kwa alendo koma nkhani ndi chinenero nkukhala zake.

Manja amene adachinyamula

Nyimbo ingakome bwanji, siifika yokha kwa anthu. Chimbalechi chidanyamulidwa ndi manja atatu. Loyamba lidali dzanja la boma. Pakati pa zaka za m'ma 1970 Pulezidenti Kenneth Kaunda, amenenso ankakonda kuliza gitala, adalamula kuti pa nyimbo 100 zilizonse zoulutsidwa pa wailesi ya dzikolo, 95 zikhale za ku Zambia komweko. Lamuloli lidadzetsa njala ya nyimbo zatsopano, pakuti oulutsa mawu adasowa zodzazira maola onsewo, ndipo magulu amene kale ankangobwereza nyimbo za azungu m'mahotela adaona phindu lopeka zawo. Dzanja lachiwiri lidali la amalonda. Edward Khuzwayo, mwini kampani ya Zambia Music Parlour ya ku Ndola, ankasonkhanitsa oimba, kuwajambulitsa ndi kufalitsa mbale zawo m'masitolo, ndipo ku Ndola komweko kudalinso kampani ya Teal yokhala ndi makina opangira mbale. Day of Judgement idatuluka kudzera ku kampani ya Khuzwayo. Dzanja lachitatu lidali la woimba mwini. M'masiku amenewo kudalibe njira ina yodzitchukitsira yoposa kuima pamaso pa anthu usiku ndi usiku, ndipo amene adamuona akuliza gitala ndi mano ankakasimbira anzake m'mawa mwake ku ntchito ndi kumsika.

Tiyeni tiwayese manja atatuwa. Lamulo la wailesi lidali ngati mvula, imene imagwera chimanga ndi namsongole yemwe. Lidakweza oimba aluso pamodzi ndi opanda luso, ndipo nyimbo zambiri zimene zidalira tsiku ndi tsiku m'zaka zimenezo palibe amene akuzifunanso lero. Wamalonda adagwira ntchito yofunika, pakuti popanda iye nyimbo zikadathera m'maholo, koma wamalonda amakhalapo pokhapokha ogula ali ndi ndalama m'thumba. Nanga mano aja? Adadzaza maholo, indedi, koma munthu womvera mbale kunyumba sawaona. Pa mbale pamatsala chuni ndi mawu basi. Kutsatsa kulikonse kumatha ntchito yake pamene womvera wakhala pansi yekha ndi nyimboyo, ndipo kuyambira pamenepo nyimbo imadziyankhira yokha.

Kuzilala ndi kudzukanso

Manja onse atatu aja adafooka m'zaka zochepa. Chuma cha Zambia chidapitirira kulowa pansi, ndipo banja losowa ufa siligula mbale ya galamafoni. M'chaka cha 1978 ndege za nkhondo za Rhodesia zidaponya mabomba pa misasa ya omenyera ufulu pafupi ndi Lusaka, boma lidaika malamulo oletsa kuyenda usiku, ndipo magulu odalira madansi ausiku adasowa podyera. Nyimbo za disco zidalanda achinyamata a m'tauni, makaseti okopera mwakuba adapha malonda a mbale, ndipo m'zaka za m'ma 1980 chamba cha kalindula ndicho chidatenga malo. Pamwamba pa zonsezi mliri wa Edzi udatenga oimba ambiri a mbadwo umenewo. Paul Ngozi adatulutsa zimbale zina zingapo, monga 45,000 Volts cha m'chaka cha 1977 ndi The Ghetto, ndipo adamwalira m'chaka cha 1989 ali ndi zaka 40.

Kutsatsidwa kwachiwiri kudachokera kutali. Kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles, yotsogozedwa ndi Eothen Alapatt, idayamba kufunafuna mbale zakale za Zamrock, ndipo m'chaka cha 2014 idatulutsanso Day of Judgement pamodzi ndi kabuku ka mbiri ndi zithunzi. Pochitsatsa kwa azungu idagwiritsa ntchito mawu oti proto-punk, kutanthauza nyimbo zokhala ngati kholo la punk. Kenaka m'mwezi wa Okutobala 2024 woimba wotchuka wa ku America, Tyler, the Creator, adatulutsa nyimbo yotchedwa Noid, imene mkati mwake adaikamo mawu a Paul Ngozi otengedwa m'nyimbo ya Nizakupanga Ngozi ya m'chimbale cha 45,000 Volts. Chimbale cha Tyler, chotchedwa Chromakopia, chidafika pa nambala 1 pa mndandanda wa Billboard ku America. Motero achinyamata a maiko ambiri adamva Chinyanja cha ku Lusaka, chodzudzula mlendo wobwera ndi miseche pakhomo la mwini, kuchokera pakamwa pa munthu amene adagona m'manda zaka 35 m'mbuyomo.

Tiyenera kuthokoza alendo amenewa, paja mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Popanda iwo, ambiri mwa ife sitikadakhala ndi pomvera chimbalechi. Koma pali zinthu ziwiri zoyenera kuzipima. Choyamba, otsatsa a kunja amakonda kunena za nyimbo zotayika zimene iwo azitola. Kwa anthu a ku Lusaka Ngozi sadatayike, pakuti ku Kabwata kuli msewu wotchedwa dzina lake. Ndipo mawu oti proto-punk, ngakhale athandiza malonda, amamuyeza pa sikelo ya eni punk, ngati kuti ulemu wake uli pa kufanana ndi anyamata a ku London ndi ku New York. Chachiwiri ndi ichi, ndipo n'chimene chikutsimikiza chigamulo chathu chija: pamene woimba wa ku America, wokhala ndi mwayi wosankha nyimbo iliyonse ya pa dziko lapansi, adafika pa ntchito za Ngozi, sadatole nyimbo ya m'Chingerezi yopatsa moni atsikana. Adatola ya m'Chinyanja yokamba za ulemu wa pakhomo. Chimene dziko lidasowa kwa Ngozi ndi chimene iye yekha akadatha kupereka.

Za kwathu kuno

Tsopano tibwerere ku Magaleta. Mnyamata kapena mtsikana wa kumeneko wofuna kutulutsa chimbale lero safunikanso makina a ku Ndola kapena lamulo la pulezidenti. Nyimbo imajambulidwa pa kompyuta m'kachipinda kamodzi, imayenda pa WhatsApp, pa Facebook ndi pa YouTube, ndipo imakopedwa m'mafoni pa msika. Kutsatsa kwatsika mtengo kotero kuti masiku ano kumatsogola nyimbo isanapse. Chithunzi chimakhala chajambulidwa, dzina lodzitamira lasankhidwa, tsiku lokhazikitsa chimbale lalengezedwa, pamene nyimbo zake zikadali zosamveka mutu. Makwaya a m'maparishi mwathu nawonso sapulumuka ku chiyeso chimenechi. Mphamvu zambiri zimapita ku yunifolomu yatsopano, ku holo ndi kwa mlendo wolemekezeka woti adzagule chimbale choyamba pa mtengo wokwera, ndipo mwambo ukatha pamatsala ngongole ndi nyimbo zimene ngakhale mamembala a kwayayo saziimbanso.

Mbiri ya Day of Judgement ikutiphunzitsa kukonza ndondomeko. Nyimbo iyambe, kutsatsa kutsatire. Pali muyeso wosalira ndalama umene wopeka aliyense angayesere nyimbo yake: aizimitsire magetsi, aichotsere zokometsera zonse za pa kompyuta, aiimbe ndi pakamwa pokha pamaso pa agogo ndi ana a pamudzi. Ngati m'mawa mwake wina akuing'ung'udza potunga madzi, nyimboyo ili ndi fupa, ndipo ingathe kuvekedwa gitala laukali kapena ng'oma za mtundu uliwonse. Ngati palibe waigwira, chithunzi chokongola sichidzaipulumutsa. Nkhani zoimba nazonso sizisowa m'boma la Neno. Alipo manachesi ndi mbatata ya kachewere zogulidwa motsika mtengo kwa mlimi amene adazivutikira, alipo achimwene amene adapita ku Joni naleka kuimba foni, ilipo minda imene namondwe wa Freddy adakokolola m'chigawo cha kummwera m'chaka cha 2023, alipo manda a abambo athu. Mnyamata wa ku California sangaziimbe zimenezi, monganso wa ku Magaleta sangamupose pa kuimba za ku California. Oimba athu omwe adaitsata njira imeneyi. Malemu Lucius Banda wa ku Balaka ndi chimbale chake choyamba cha Son of a Poor Man, ndi malemu Evison Matafale wa ku Chileka ndi Kuyimba 1 cha m'chaka cha 1999, adabwereka reggae ya ku Jamaica, koma zimene adaimba zidali zowawa za Amalawi, ndipo anthu adazigula ndi kuziloweza.

Nyimbo ikapsa, pamenepo manyazi achoke. Woimba aime pamaso pa anthu ku msika, ku sukulu, pa ukwati ndi pa bwalo la mpira, apite nayo yekha ku mawailesi, monga adachitira Ngozi m'maholo a ku Zambia ndi anyamata a Dischord ndi zikuto zawo zomata pamanja. Asaiwalenso pepala. Ngozi sadaone kutchuka kwake kwa m'chaka cha 2024, ndipo phindu la nyimbo ya munthu womwalira limafika kwa ana ake pokhapokha umwini wake udalembedwa bwino ndipo sudagulitsidwe mwachibwana. Kuno kwathu bungwe la COSOMA lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1992 kuti liteteze umwini wa ntchito zaluso. Wopeka nyimbo alembetse ntchito yake, ndipo asasaine chikalata chimene sadachimvetse, ngakhale womupatsa cholembera akhale wolankhula mokoma chotani. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Kwa inu makolo pempho lathu ndi lakuti kukula kwa phokoso kusakhale muyeso wanu woyamba. Zilipo nyimbo zofewa, za mawu anthetemya, zimene mkati mwake muli zolaula ndi zonyoza amayi, chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Zilipo zina zokhakhala ngati za Ngozi zimene zikulira maliro a bambo ndi kupempha anthu kuti akondane. Muli ndi udindo wokana nyimbo yoipa m'nyumba mwanu, koma kukana kwanu kudzakhala ndi mphamvu pamene mwana aona kuti mwaimvera ndipo mukutha kutchula mawu amene mukuwakana. Mwana wanu akayamba kupeka zake, mufunseni kuti akuimba za chiyani ndipo akuimbira yani, musanamufunse kuti adzapeza zingati.

Chimbale cha Day of Judgement chikupezeka pa intaneti, ndipo wachinyamata aliyense wokhala ndi foni angakupezereni. Amene khutu lake silidazolowere gitala laukali asayambe ndi nyimbo yoyamba. Ayambe ndi Kumanda kwa Bambo Wanga, aimvere kawiri, kenaka Tikondane, ndipo zotsalazo azimvere pambuyo.